Charles Mackenzie: Wofesa Amene Sanaone Zokolola

Kotala ino maphunziro athu akutitsogolera ku mutu wa chipiriro. Taona Yobu atakhala paphulusa, taona Yosefe m'ndende ya ku Aigupto, taonanso Paulo ndi Sila ali m'matangadza ku Filipi. Onsewa anakhala kalekale, m'maiko amene ambiri a ife sitidzawaona ndi maso. Nchifukwa chake kuli koyenera kuti pambali pao tiikepo mbiri ya munthu amene anabvutika ndi kufera kwathu konkuno, m'chigwa cha mtsinje wa Shire, pakati pa Chikwawa ndi Nsanje.

Munthuyo ndiye Charles Frederick Mackenzie, bishopu woyamba wa mishoni ya UMCA. Iye sanali wa mpingo wathu. Pamene anamwalira m'chaka cha 1862, bungwe lalikulu la mpingo wa Seventh-day Adventist linali lisanakhazikitsidwe, pakuti linakhazikitsidwa m'chaka chotsatira, cha 1863. Pa ziphunzitso zingapo, monga cha Sabata, iye ankakhulupirira zosiyana ndi zathu. Komabe Ambuye anatiphunzitsa pa Yohane 10:16 kuti nkhosa zake sizili m'khola limodzi lokha, ndipo tiyenera kuphunzira kwa aliyense amene anayenda mokhulupirika m'kuunika kumene anali nako.

Mbiri yake ikutifunsa funso limene limasautsa mitima yambiri. Munthu akagwira ntchito ndi mtima wonse, napemphera, napirira, koma pamapeto pake zonse nkuoneka ngati zapita pachabe, kodi tinene kuti Mulungu wamtaya? Mlimi amene munda wake wakokoloka ndi madzi amalidziwa funso limeneli. Mai amene waika mwana m'manda atamdwazika miyezi yambiri amalidziwanso. Tiyeni tione mmene moyo wa Mackenzie ukutiyankhira.

Ubwana ndi Maphunziro

Charles Mackenzie anabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Portmore m'dziko la Scotland, ndipo anali mzime m'banja la ana ambiri. Umasiye anaudziwa akali wamng'ono, pakuti atate wake anamwalira iye ali ndi zaka 5. Mlongo wake wamkulu, Elizabeth, ndiye anasenza udindo woyang'anira maphunziro ake. M'chaka cha 1844 analowa sukulu ya ukachenjede ya Cambridge ku England, ndipo m'chaka cha 1848 anatuluka wachiwiri pa mayeso aakulu a masamu a pasukulupo. Pomwepo anapatsidwa malo ophunzitsa pa Caius College. Kwa mnyamata wa zaka 23 zonse zinali zitakhala bwino: nyumba, malipiro okwanira, ulemu pakati pa anthu ophunzira, ndi chiyembekezo cha ukalamba wa mtendere.

Koma mtima wake unali pa utumiki. M'chaka cha 1851 anadzozedwa mu mpingo wa Anglican, nayamba kutumikira m'mudzi wa Haslingfield pafupi ndi Cambridge, uku akuphunzitsabe. Pamene kunamveka kuti m'maiko akutali mukusowa antchito, iye anayamba wafunafuna ena oti apiteko. Atasowa munthu, anadzifunsa chimene chikumletsa iye mwini, ndipo sanapeze chifukwa choti nkuchinena pamaso pa Mulungu. Motero m'chaka cha 1855 anasiya zonse, napita ku Natal ku South Africa pamodzi ndi Bishopu John Colenso. Mlongo wake wina, Anne, ngakhale anali wodwaladwala, anapita naye.

Ku Natal sanamlandire ndi manja awiri. Azungu a mpingo wa ku Durban anakangana naye pa za kapembedzedwe, ena mpaka kupatuka kukapemphera paokha. Iye anapirira chipongwe chao osabwezera. Pambuyo pake anasamukira ku Umhlali, kumpoto kwa Durban, kumene ankayenda maulendo aatali pa kavalo kukatumikira alimi, asilikali ndi Azulu. Zaka 4 zimenezi zinali ngati sukulu yomkonzekeretsa mayeso aakulu amene anali kutsogolo.

Ulendo wa pa Shire

Pa 4 Disembala 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge za nkhanza za malonda a akapolo, napempha ophunzira kuti apitirize ntchito imene iye anaiyamba mu Africa. Pempho limeneli linabala mishoni ya masukulu a ukachenjede, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti UMCA. Mackenzie atabwerera ku England m'chaka cha 1859 anapemphedwa kuti aitsogolere, ndipo anabvomera. Anapatulidwa kukhala bishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Udindo umenewu anakhala nao chaka chimodzi ndi mwezi umodzi basi.

Mu Febuluwale 1861 iye ndi anzake anakumana ndi Livingstone pamathiriro a Zambezi. Poyamba anayesa kulowera mtsinje wa Ruvuma, koma madzi anali ochepa, ndipo anangotaya nthawi. Mu Meyi ndi pamene anayamba kukwera Zambezi ndi Shire. Sitima yao, yotchedwa Pioneer, inali yolemera mosayenera mtsinje wathu, kotero kuti inkatitimira mumchenga kawirikawiri. Panali malo ena pamene anatha milungu yathunthu pa mtunda umene munthu wapansi akanauyenda tsiku limodzi. Pa malo oterewa bishopu sankakhala pamthunzi ai. Ankagwira chingwe pamodzi ndi amalinyero, nakoka sitima dzuwa la kuchigwa lili pamutu. Pa 8 Julayi anafika pamudzi wa mfumu Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero.

Patapita masiku owerengeka anayamba kukwera mapiri kulunjika kumtunda. Bishopu ananyamula ndodo ya ubusa m'dzanja lina, mfuti m'dzanja lina, ndi thumba la mbewu kumsana. Zinthu zitatu zimenezi, ndodo, mfuti ndi mbewu, tidzakumana nazonso m'mbiri yake yotsala.

Pa 16 Julayi, ali pamudzi wa Mbame, panatulukira gulu la akapolo amene anali kupita nao ku Tete. Amuna anali m'magoli, akazi ndi ana atamangidwa ndi zingwe. Owayendetsa ataona Livingstone ndi anthu ake anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa. Pa nthawiyo bishopu anali atapita kukasamba kumtsinje. Pobwerako anapeza kuti wasanduka tate wa anthu amene analibe kwao, analibe chakudya, ndipo ambiri a iwo anali ana.

Banja la ku Magomero

Mfumu Chigunda ya Amang'anja inawapatsa malo ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi. Pamenepo bishopu anakhala ndi abusa Lovell Procter, Henry Scudamore ndi Henry Rowley, ndi Horace Waller amene ankayang'anira katundu, pamodzi ndi amisiri ndi Akhristu akuda ochokera ku Cape Town amene ankamasulira mau. Anthu omasulidwa anachulukirachulukira mpaka kupitirira 100.

Moyo wa pa Magomero unali wa kulimbana ndi tsiku limodzi limodzi. M'mawa uliwonse kunali mapemphero, kenaka kuitana maina a ana, kugawa chakudya, kutsuka zilonda, kudula mitengo ndi kumanga nyumba. Katswiri wa masamu wa ku Cambridge uja ankakumba maenje a nsanamira ndi manja ake, naphunzira chinenero cha Amang'anja mau amodzi amodzi monga mwana. Chimanga ankagula ndi nsalu, ndipo nkhondo itafalikira chinayamba kusowa. Malowo anali pachigwembe, madzi anaipa, ndipo kamwazi anayamba kugwira akulu ndi ana omwe. Mu Okutobala 1861 anaimika mzati woyamba wa nyumba yopemphereramo. Nyumbayo sinathe kumangidwa.

Mwa ana amene anafika pa Magomero panali kamtsikana kotchedwa Daoma. Anakapeza katatopa kosatha kuyenda, ndipo bishopu mwini anakanyamula paphewa mpaka kufika nako kumudzi. Tisunge dzina limeneli m'mitima mwathu, pakuti tidzakumana nalonso.

Pamene Chifundo Chinagwira Mfuti

Mbiri yoona sibisa zolakwa za munthu, monga Baibulo silibisa kugwa kwa Davide kapena kukana kwa Petro. M'zaka zimenezo magulu a Ayao anali kulowa m'dera la Amang'anja, ndipo midzi inali kutenthedwa. Mafumu a Amang'anja anadza kwa bishopu kudzapempha kuti awathandize ndi mfuti zake. Livingstone, amene iyenso anaombapo mfuti pa mkangano woyamba mu Julayi, pochoka anamlangiza kuti asalowerere nkhondo za eni dziko. Koma Mackenzie ataona utsi wa midzi ndi ana osiyidwa m'njira, mtima sunamlole kungokhala. Mu Ogasiti ndi mu Okutobala anatsogolera nkhondo yolimbana ndi misasa ya Ayao, atayamba wawalumbiritsa mafumu aja kuti asiya kugulitsa anthu.

Cholinga chinali chachifundo, koma zotsatira zake zinali zowawa. Pambuyo pake amishoniwo anazindikira kuti Ayao ambiri analinso othawa nkhondo ndi njala ya kwao, ndiponso kuti kugulitsa anthu sikunali tchimo la mtundu umodzi wokha. Anthu amene anayenera kuwalalikira anali atawasandutsa adani. Mbiri itafika ku England, Akhristu ambiri anadzudzula zimenezi.

Pano pali chenjezo kwa ife tonse. Mabvuto akatipanikiza timafuna njira yachidule, ndipo nkosabvuta kuganiza kuti popeza cholinga chathu nchabwino, njira iliyonse njololedwa. Pa Mateyu 26:52 Yesu anauza Petro kuti abweze lupanga m'chimake, ngakhale Petro anali kuteteza Mbuye wake. Pa 2 Akorinto 10:4 Paulo akutikumbutsa kuti zida za Mkhristu nza mtundu wina. Dzanja limodzi silingagwire bwino ndodo ya ubusa pamene linalo lagwira mfuti. Kupirira kwa Chikhristu kumatanthauzanso kukana chida chimene Ambuye sanatipatse, ngakhale pamene chikuoneka kuti chingathetse bvuto msanga.

Ulendo Wotsiriza

Bishopu anali atapangana ndi Livingstone kuti akakumane pa 1 Januwale 1862 pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, pafupi ndi Chiromo. Chiyembekezo chinali chakuti sitima idzabwera ndi katundu, pamodzi ndi mlongo wake Anne ndi mkazi wa mbusa wachinyamata Henry Burrup, amene anali atangofika kumene pamishoni. Mu Disembala Procter ndi Scudamore anatumidwa kukafufuza njira yapansi yopita ku Ruo, koma anachitidwa chiwembu pamudzi wina cha ku Mulanje, ndipo ena mwa onyamula katundu wao anagwidwa. Bishopu anapitako ndi anthu ake nakatentha mudziwo. Ulendo umenewu, pakati pa dzinja, unamdyera masiku ndi mphamvu zomwe. Tsiku la pangano linapitirira iye akali kumtunda.

Pa 3 Januwale ananyamuka ku Magomero pamodzi ndi Burrup, onse awiri akudwala m'mimba. Mvula inali kugwa usana ndi usiku, ndipo ankaoloka mitsinje yodzaza zobvala zili chinyowere. Atafika kwa Chibisa anakwera bwato pamodzi ndi Amakololo atatu, ena mwa anthu amene Livingstone anabwera nao kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Anatsika ndi mtsinje kulowa m'dambo lalikulu lija limene Azungu analitcha Elephant Marsh. Usiku wina, pothawa udzudzu, anapitiriza ulendo mumdima, ndipo bwato linagubuduzika. Onse anapulumuka, koma mankhwala ao, pamodzi ndi kwinini yense, anapita ndi madzi.

Akulu anati kuthamanga sikufika. Nzeru inali kubwerera kukatenga kwinini wina, pakuti onse ankadziwa kuti Mzungu wopanda mankhwalawa sangakhalitse m'chigwa nthawi ya dzinja. Koma bishopu anali atachedwa kale, ndipo ankaganizira za akazi awiri aja. Anapitirira, nafika pachilumba cha Malo, pamathiriro a Ruo, pa 11 Januwale. Pamenepo anamva kuti Livingstone, amenenso anachedwa chifukwa sitima inatitimira, anali atangodutsa masiku owerengeka apitawo kulowera kunyanja ya mchere. Anatsimikiza zodikira pachilumbapo.

Ngakhale podikirapo sanangokhala. Anayesetsa kupalana ubwenzi ndi mfumu ya pachilumbacho, poganiza kuti pangadzakhale malo a mishoni, ndipo analemba kalata yopempha anyamata opalasa mabwato a ku Oxford ndi Cambridge kuti asonkhe ndalama zogulira sitima yoyenda pa Shire. Munthu amene anatsala ndi masiku ochepa anali kukonza ntchito ya zaka zambiri. Kenaka malungo anamgwira. Anafooka, nayamba kubwebweta, ndipo masiku otsiriza sanathenso kulankhula. Burrup nayenso anali gone, kotero kuti Amakololo atatu aja ndiwo anadwazika onse awiri. Mfumu, poopa kuti nyumba yake ingaferemo mlendo, inalamula kuti amsamutsire m'kanyumba kena. Tsiku lomwelo, pa 31 Januwale 1862 chakumadzulo, Charles Mackenzie anagona tulo ta imfa ali ndi zaka 36.

Amakololo anaolotsa mtembo, nalambula thengo pansi pa mtengo waukulu, nakumba manda. Burrup, wosatha kuimirira bwino, anachita mwambo wa maliro mdima uli kugwa. Panalibe kwaya, panalibe mbale wake, panalibe bokosi. Amakololo omwewo anamnyamula Burrup kubwerera naye ku Magomero, kumene anamwalira pa 22 Febuluwale.

M'masiku omwewo amene bishopu anali kutsirizika, sitima yankhondo yotchedwa Gorgon inafika pamathiriro a Zambezi ndi Anne Mackenzie, mkazi wa Burrup, ndi Mary, mkazi wa Livingstone. Anne ndi mnzakeyo anakwera mtsinje pa bwato, napitirira pafupi ndi manda aja osadziwa kanthu. Uthenga anakaumvera kwa Chibisa mu Malichi. Mary Livingstone naye anamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo chaka chomwecho.

Njala ya ku Chikwawa

Otsala aja anachoka ku Magomero mu Epulo 1862, natsikira kwa Chibisa pamodzi ndi anthu amene ankawasunga. Kumeneko anakumana ndi chilala choopsa cha 1862 ndi 1863. Mvula inakana, mbewu zinapserera, ndipo nkhondo ndi ogula akapolo zinaletsa anthu kulima ngakhale m'madimba. Midzi yathunthu inatha. Livingstone pokweranso Shire mu Januwale 1863 anaona mitembo ikuyandama pamtsinje tsiku ndi tsiku. Pa ulendo womwewo anaima pamanda a bishopu naimikapo mtanda.

Amishoni anagawana ndi anthu ao chakudya chochepa chimene anali nacho. Scudamore anamwalira pa 1 Januwale 1863. Dokotala John Dickinson, amene anachiza ambiri iye mwini akudwala, anamwalira mu Malichi. Richard Thornton, mnyamata wa gulu la Livingstone amene anayenda pansi mpaka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa zoti zipulumutse amishoni, anabwerako atatheratu, namwalira mu Epulo. Manda a Scudamore ndi Dickinson ali ku Chikwawa, ndipo a Thornton ali pafupi ndi mathithi a Kapichira. Maina a Azungu amenewa analembedwa. Amang'anja ndi Ayao zikwizikwi amene anafa ndi njala yomweyo sanalembedwe m'buku lililonse la padziko, koma Iye amene amawerenga tsitsi la pamutu pathu akuwadziwa mmodzi mmodzi.

Bishopu watsopano, William Tozer, anafika mu Juni 1863. Ataona mmene zinthu zinalili, anasamutsira mishoni kuphiri la Morambala ku Mozambique, ndipo m'chaka cha 1864 anaisamutsiranso ku Zanzibar. Munthu woyang'ana m'chaka chimenecho akanati ntchito ya Mackenzie yathera pomwepo. Panalibe tchalitchi, panalibe sukulu, panalibe mpingo wa anthu obatizidwa. Panangotsala manda.

Mbewu Zimera

Koma thumba la mbewu lija silinatayike. Horace Waller anakana kusiya akazi ndi ana amasiye amene analibe kolowera, ndipo m'chaka cha 1864 anapita nao ku Cape Town. Pakati pao panali Daoma. Iye anabatizidwa, natchedwa Anne, nakula kukhala mphunzitsi pa nyumba ya ana amasiye ya St George's mumzindamo, kumene anatumikira zaka zambiri. Mwana amene ananyamulidwa paphewa anakhala wonyamula ana a ena.

Mnyamata wina wa Chiyao wa pa Magomero, dzina lake Chuma, anatsagana ndi Livingstone ku India, ndipo pambuyo pake anayenda naye ulendo wake wotsiriza. Livingstone atamwalira kwa Chitambo m'dziko la Zambia m'chaka cha 1873, Chuma ndi Susi ndiwo anatsogolera anzao kunyamula mtembo wake miyezi 9 mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Maliro a Livingstone ku London m'chaka cha 1874 anadzutsa mipingo ya ku Scotland. James Stewart, amene anafika pamodzi ndi sitima ya Gorgon ija naona yekha masautso a pa Shire, ndiye anapereka maganizo oyambitsa mishoni ya Livingstonia. M'chaka cha 1875 sitima ya Ilala inakwera Shire, ndipo Amakololo, amene tsopano anali mafumu kuchigwa, anasonkhanitsa anthu mazanamazana oinyamula zidutswazidutswa kulambalala mathithi. Maina monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima akutikumbutsa za mafumu amenewo mpaka lero. Mishoni ya Blantyre inatsatira m'chaka cha 1876.

Anne Mackenzie, wofooka uja, anabwerera kwao ndi chisoni, koma sanafungate manja. Anatha zaka zotsala za moyo wake akulemba za ntchito ya mishoni ndi kusonkhanitsa chuma choyambitsira ntchito pakati pa Azulu pokumbukira mlongo wake. Mishoni ya UMCA inamanga tchalitchi chachikulu ku Zanzibar pamalo pomwe panali msika wa akapolo, ndipo m'chaka cha 1885 inabwerera kudziko lino, nikhazikika pa Likoma.

Uthenga wa chiyembekezo cha kubweranso kwa Yesu unalowanso m'dziko muno kudzera pa mtsinje womwewo, ndipo mtengo wake unali womwewo. George James, Mu-Adventist woyamba kufika kuno m'chaka cha 1893, anamwalira ndi malungo m'chaka cha 1894 ali pa ulendo wa pamadzi, naikidwa m'mbali mwa mtsinje. M'chaka cha 1902 mpingo wathu unagula malo a Plainfield ku Thyolo, kumene Thomas Branch ndi banja lake anayamba ntchito. Joseph Watson anamwalira pamenepo m'chaka cha 1903 atangotumikira miyezi yochepa. M'chaka cha 1907 malowo anatchedwa Malamulo. Ife amene tasonkhana mu Sukulu ya Sabata lero tikukolola m'munda umene ena anaulima ndi misozi, monga Ambuye ananenera pa Yohane 4:37, 38.

Phunziro kwa Ife

Chigwa cha Shire sichinasiye kuyesa anthu ake. Chinaona njala ya 1949. Chinalandira abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anthu nagawana nao minda ndi zitsime. Chinaona madzi osefukira a 1997 amene anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndi a mu Januwale 2015, ndi namondwe wa Idai m'chaka cha 2019, wa Ana m'chaka cha 2022, ndi wa Freddy m'chaka cha 2023. Alipo pakati pathu amene anagonapo mumtengo madzi ali pansi, amene anamanga nyumba katatu pamalo amodzi, amene analowa m'dambo kukazula nyika ng'ona zili pomwepo kuti ana asagone ndi njala. Anthu otere safunika kuuzidwa tanthauzo la masautso. Chimene tonse tifunika ndicho kudziwa mmene tingapiririre monga ana a Mulungu.

Choyamba, kukhulupirika sikuyesedwa ndi zimene maso athu aona. Ahebri 11:13 akunena za anthu amene anafa ali m'chikhulupiriro asanalandire zimene analonjezedwa. Mackenzie anafa akuyesa kuti wangoyamba kumene, ndipo anzake anachoka akuyesa kuti alephera. Mulungu anali kuona Daoma, Chuma, Likoma ndi mipingo yonse imene inali isanabadwe. Ngati talera ana m'choonadi koma sanatembenuke, ngati talalikira m'mudzi zaka zambiri popanda wobatizidwa, ngati tabzala ndipo madzi atenga, tisafulumire kunena kuti zapita pachabe. 1 Akorinto 15:58 akutitsimikizira kuti ntchito yochitidwa mwa Ambuye sitayika.

Chachiwiri, kupirira kumayenda pamodzi ndi nzeru. Bishopu anapitiriza ulendo wopanda mankhwala, ndipo imfa yake inasiya nkhosa zopanda mbusa. Thupi lathu ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo kulisamala ndi mbali ya chipembedzo chathu. Kugona m'masikito, kufulumira naye kuchipatala mwana wotentha thupi, kumwa madzi otetezedwa, ndi kusamukira kumtunda chenjezo la madzi likaperekedwa, zonsezi sizisonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Nowa anakhulupirira Mulungu, ndipo chifukwa cha chikhulupiriro chomwecho anakhoma chingalawa.

Chachitatu, palibe amene amapirira yekha. Mutu umodzi susenza denga. Bishopu ananyamula Daoma, ndipo Amakololo, amene sanali Akhristu, ananyamula bishopu. Waller anakana kutaya amasiye. Mu mpingo uliwonse muli wina amene lero watopa kosatha kuyenda, ndipo Agalatiya 6:2 akutiuza chochita naye. Mawa tidzafuna phewa la mnzathu ifenso.

Chotsiriza, zolakwa zathu sizithetsa chisomo cha Mulungu. Mackenzie analakwa pa za mfuti, analakwanso pa za ulendo, koma Mulungu anameretsabe mbewu zimene anafesa. Woweruza mitima ndi Mulungu yekha. Chimene tidziwa ndi chakuti akufa ali m'tulo, ndipo tsiku likudza limene lipenga lidzalira, monga 1 Atesalonika 4:16, 17 akunenera. Manda a m'mbali mwa Shire, odziwika ndi osadziwika omwe, ndi onse amene mtsinje unawatenga osapezekanso, adzamva mau a Mwana wa Mulungu. Pamenepo wofesa ndi wokolola adzakondwera pamodzi. Kufikira tsikulo, tiyeni tikhale mwa iwo amene Chibvumbulutso 14:12 chikuwafotokoza, anthu opirira, osunga malamulo a Mulungu ndi kugwiritsa chikhulupiriro chao mwa Yesu.

Mafunso Okambirana

1. Werengani Habakuku 3:17-19. Kodi mlimi amene mbewu zake zatha ndi chilala kapena madzi angapeze chiyani m'mavesi amenewa?

2. Mackenzie anagwira mfuti chifukwa cha chifundo. Ndi njira zachidule ziti zimene zimatiyesa ife pa nthawi ya njala kapena ya ngongole, ndipo tingazikane bwanji?

3. Kodi tingasiyanitse bwanji chikhulupiriro ndi kumuyesa Mulungu? Yerekezani ndi Mateyu 4:5-7.

4. Ndani m'kalasi mwathu kapena m'mudzi mwathu amene afunika kunyamulidwa sabata ino, ndipo tichitapo chiyani Sabata likudzali lisanafike?